Batire Latsopano la Njinga Yamoto: Kagulidwe, Katchajidwe ndi Kasamalidwe Kake

Mawu Oyamba

Kabuku kano talembera eni njinga zamoto a m'maboma a Tsangano ndi Macanga, pamodzi ndi onse a m'nyumba zawo, pakuti ngakhale wokwera njinga ali mmodzi, ndalama imene imagula zipangizo zake imatuluka m'thukuta la banja lonse.

M'dziko lathu lino la mapiri, kumene misewu yambiri ili yafumbi m'chilimwe ndi yamatope m'dzinja, ndi kumene munthu angathe kudikira galimoto kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa litapendeka osaiona, njinga yamoto idaleka kale kukhala chinthu chonyadira, idasanduka chida cha ntchito. Ndiyo imasenza matumba a kachewere kuchokera m'minda ya Tsangano ndi Ntengo-wa-Mbalame kupita nawo ku Biriwiri ndi ku misika ya tsidya la Ntcheu. Ndiyo imatuta feteleza wa alimi a fodya a ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo. Ndiponso ndiyo imathamangira ndi wodwala ku chipatala pakati pa usiku, mudzi wonse uli m'tulo.

Koma lilipo dandaulo limodzi limene limamveka paliponse pamene amakonzera njinga, lakuti mabatire a masiku ano salimba. Munthu agula batire pa nyengo yogulitsa zokolola, koma mvula isanagwe sitata yaleka kutembenuza injini, hutala wasasa mawu, ndipo mwini njinga wabwerera ku kiki. Nzoona kuti mabatire achabe alipo m'misika, ndipo tinena za iwo kutsogoloku. Komatu ambiri mwa amene amafa msanga saphedwa ndi wopanga kapena wogulitsa, koma ndi phuma la mwini wake pa tsiku loyamba lenilenilo, pamene athira asidi pakhonde la sitolo, namanga batire panjinga, naliza injini ulendo wa kumudzi, batirelo lisanamwe asidi wake ndiponso lisanatchajidwe. Akulu adati m'mera mpoyamba, ndipo mawu amenewa ndiwo mutu wa zonse zimene zili m'kabuku kano.

1. Za M'kati mwa Batire

Batire limene lili pa njinga zambiri zimene timakwera kuno, monga Lifo, Lifan, Haojue ndi Boxer, ndi la mtovu ndi asidi, mtundu umene adautulukira Gaston Planté wa ku France m'chaka cha 1859. M'kati mwake muli zipinda 6, ndipo m'chipinda chilichonse muli mapuleti a mtovu omizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi. Chipinda chimodzi chimapereka mavolti 2.1, kotero kuti zonse zikaphatikizana, batire lodzala bwino limaonetsa mavolti 12.6 kapena kuposerapo pang'ono, ngakhale kuti kunja kwake amangolembako 12V.

Batire silipanga magetsi, limangosunga. Opanga magetsi ndi makoyilo amene ali m'injini, ndipo kachipangizo kotchedwa regyuleta ndiko kamawongola magetsiwo ndi kuwapatsa malire asanalowe m'batire. Pamene batire likupereka mphamvu yake kwa sitata, kwa hutala kapena kwa nyale, asidi amagwirana ndi mtovu, nasanduka mchere wina woyera umene umamatirira pa mapuleti. Ndipo pamene likutchajidwa, mcherewo umasungunuka, asidi nabwerera m'madzi ake. Koma batire likakhala masiku ambiri losadzala, mchere uja umauma nulimba, ndipo ukalimba susungunukanso, ngakhale mutalitchaja usana ndi usiku. Pamalo pamene mchere waumira, puleti yafa. Imeneyi ndiyo nthenda imene imatha mabatire ambiri, ndipo imayamba tsiku lomwe batire lagwira ntchito lisanadzale.

Mabatire amene mudzawapeza m'masitolo ali a mitundu itatu.

Woyamba ndi wa zotsekera 6 pamwamba, wa thupi loonekera m'kati, wokhala ndi mizere iwiri yolembedwa UPPER LEVEL ndi LOWER LEVEL, ndi kapaipi kopumira m'mbali. Amaugulitsa wouma, asidi ali m'botolo lake padera, ndipo umafuna kuwonjezeredwa madzi nthawi ndi nthawi.

Wachiwiri ndi womata, umene pa bokosi lake amalemba MF kapena sem manutenção. Nawonso umabwera wouma, pamodzi ndi timabotolo 6 ta asidi tolumikizana. Koma mukathira ndi kutseka, simutsegulanso moyo wake wonse.

Wachitatu ndi wodzazidwa kale ku fakitale, umene nthawi zambiri amaulemba GEL. Umenewu ulibe ntchito yothira asidi, koma uli ndi vuto lakelake, lakuti umayamba kukalamba uli pa shelefu ya sitolo.

2. Musanapite ku Sitolo

Si nthawi zonse pamene sitata yakana kuti mlandu uli ndi batire, ndipo munthu wanzeru amayamba wafufuza asanamasule ndalama yake. Yang'anani mitu iwiri ya batire ngati mabawuti ake ali olimba, ndiponso ngati sipadamere zoyerayera kapena zobiriwira zimene zimatseka njira ya magetsi. Yang'anani fyuzi imene ili pa waya wofiira pafupi ndi batire. Zimenezi zikakhala bwino, pitani kwa amakanika amene ali ndi mita yoyezera magetsi, akuyezereni batire injini itazima kwa ola limodzi kapena kuposerapo. Manambala ake atanthauza izi:

12.6 kapena kuposa: batire ladzala.
12.4: latsala ndi magawo atatu mwa anayi.
12.2: lili pa theka.
12.0 kapena kutsika: latsala pang'ono kutheratu.

Batire likaonetsa nambala yotsika, liyambe latchajidwa ndi kuyezedwanso, pakuti mwina lili ndi njala chabe, silinafe. Koma likadzala lero, mawa n'kupezeka latsikanso njinga isanayende, kapena nambala ikagwa pansi pa 9.5 pamene mukudina sitata, pamenepo dziwani kuti masiku ake atha.

Kuyeza kwachiwiri nkofunika koposa, ndipo ndiko kumene anthu ambiri amakulumpha. Lizani injini, muikweze moto pang'ono, ndipo mita iikidwenso pa mitu ya batire. Njinga yabwino imaonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikaonetsa zosafika 13, ndiye kuti njinga sikudyetsa batire; ikapitirira 15, regyuleta yaonongeka ndipo ikuwiritsa batire. Munthu amene agula batire latsopano nalimanga pa njinga yotere, adzabwereranso ku sitolo mwezi umodzi kapena iwiri isanathe, ndipo adzanyoza wogulitsa amene sadamulakwire kanthu. Konzani njinga poyamba, batire pambuyo.

3. Pogula

Popita kukagula, kaya ndi ku Tsangano, ku Furancungo, ku Ulongwe kapena ku Tete, nyamulani batire lakale, kapena lembani pa pepala manambala onse amene ali pa thupi lake, ngakhale kuwajambula ndi foni. Zinthu zinayi ziyenera kufanana ndi za batire limene njinga idabwera nalo.

Choyamba ndi mavolti, amene pa njinga zambiri za masiku ano ali 12.

Chachiwiri ndi kukula kwa nkhokwe yake ya mphamvu, kumene amakulemba ndi zilembo Ah. Njinga za 125cc ndi 150cc zimakonda kukhala ndi mabatire a pakati pa 5Ah ndi 9Ah. Pa batire lolembedwa 12N5-3B, nambala 12 ikunena mavolti ndipo 5 ikunena Ah. Pa 12N7-3B, Ah ake ndi 7. Musalole kupatsidwa la Ah ochepa chifukwa chakuti ndi lotsika mtengo, pakuti sitata idzalitopetsa msanga.

Chachitatu ndi msinkhu wake, kutalika, kufupika ndi kunenepa, kuti likalowe bwino m'malo mwake, losapanikizika ndiponso losagwedera.

Chachinayi ndi mbali imene kuli mutu wa + ndi mutu wa −. Mabatire a 12N7-3B ndi 12N7-4A ali ndi mphamvu yofanana, koma mitu yawo idakhala mosemphana, ndipo wogula mosayang'ana amakazindikira ali kumudzi kuti mawaya sakufika. Amene akakamiza, nalumikiza mopingasa, amaotcha fyuzi, ndipo nthawi zina regyuleta imene.

Zinayi zimenezi zikagwirizana, linyamuleni batirelo m'manja. Mtovu ndi chitsulo cholemera, ndipo pa mabatire awiri a nambala imodzi ndi mtundu umodzi, limene lapepuka koposa ndilo adalimana mtovu, ngakhale bokosi lake litawala bwanji; paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ngati ndi louma, onetsetsani kuti zomatira zake za ku fakitale zili zosatsegulidwa, chifukwa mpweya ndi chinyontho zikalowa zimaononga mapuleti asidi asanafike. Ngati ndi lodzazidwa kale, pemphani kuti aliyeze inu mukuona, ndipo likaonetsa zosafika 12.4 lisiyeni, lakhalitsa. Pewaninso limene aliyanika padzuwa kunja kwa sitolo, pakuti kutentha kumakalambitsa batire.

Funsani mosaopa ngati pali chitsimikizo choti batire likafa msanga adzakusinthirani, ndi cha miyezi ingati, ndipo zimenezo zilembedwe pa lisiti pamodzi ndi tsiku logulira ndi nambala ya batire. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ife a m'malire timagula mbali zonse ziwiri, pena ndi metikali, pena ndi kwacha, ndipo nthawi zina mtengo wa tsidya lina umaoneka wokoma. Koma powerengera mtengo muwerengerenso ulendo wokabweza katundu akakhala woipa, pakuti chitsimikizo cha sitolo yakutali chimathera m'mafuta a panjira.

Asidi akhale amene wabwera ndi batirelo. Musalole kuthiriridwa asidi wokhuthulidwa m'mabatire akale a galimoto, ndiponso musasinthanitse asidi wa mitundu iwiri ija, chifukwa wa batire lomata ndi waukali kuposa wa batire la zotsekera. Ponyamula, botolo la asidi likhale choimirira, lokulungidwa m'jumbo yakeyake, kutali ndi mchere, shuga ndi ufa zimene mwagula tsiku lomwelo.

4. Kuthira Asidi

Ntchito imeneyi ichitikire panja, pamthunzi, pamalo osalala, kutali ndi moto ndi wosuta fodya, ana ndi ziweto atachotsedwapo. Batire likhale pansi, osati panjinga. Pambali panu pakhale ndowa yodzala madzi, m'maso muvale magalasi, ndipo m'manja magolovesi a mphira, kapena majumbo osabooka ngati magolovesi palibe.

Batire la zotsekera:

1. Chotsani kachivindikiro kamene katseka pakamwa pa mpweya m'mbali mwa batire. Mukakaiwala, mpweya udzasowa potulukira ndipo batire lingaphulike.
2. Tsegulani zotsekera zonse 6.
3. Thirani asidi pang'onopang'ono m'chipinda chilichonse kufikira mzere wapamwamba.
4. Lisiyeni kwa mphindi 30 kufikira ola limodzi. Lidzafunda pang'ono ndi kutulutsa timathovu. Musadabwe, mapuleti akumwa.
5. Asidi akatsika, wonjezerani kufikira mzere wapamwamba uja. Aka ndi komaliza kuthira asidi m'batire limeneli.
6. Ikani zotsekera pamabowo mosamanga, ndipo litengereni kotchaja.

Batire lomata:

1. Matulani kapepala konyezimira kamene katseka mabowo.
2. Chotsani chivindikiro chachitali pa timabotolo ta asidi ndi kuchisunga, pakuti ndicho chidzatseka batire. Timabotoloto musatiboole kapena kutidula.
3. Titembenuzeni, mutilunjike pa mabowo 6, ndi kukanikiza kamodzi mwamphamvu. Mudzaona timathovu tikukwera m'kabotolo kalikonse.
4. Tisiyeni pomwepo kwa mphindi 20 kapena 30 kufikira dontho lotsiriza litalowa. Kena kakaima, kagogodeni ndi chala, osakafinya.
5. Chotsani timabotolo, ndipo batire lipume kwa mphindi zina 30 kufikira ola limodzi.
6. Chivindikiro chija chiikeni pamwamba mosakanikiza pamene likutchajidwa. Likadzala, chikanikizeni ndi zala kufikira chitalowa chonse mofanana, osachimenya ndi hamala, ndipo musadzachitsegulenso.

Pepala la malangizo limene lili m'bokosi likanena nthawi yosiyana ndi imene talembayi, tsatani pepalalo, pakuti wopanga ndiye adziwa katundu wake.

5. Kutchaja Koyamba

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Batire louma likangothiridwa asidi limakhala ndi mphamvu yokwana ngati magawo atatu mwa anayi, ndipo mphamvu imeneyo ndi yokwanira kuliza injini; nchifukwa chake anthu amanyengeka, naganiza kuti ntchito yatha. Ena amati njinga idzalidzaza yokha panjira. Koma magetsi a njinga adawapangira kubwezera pang'ono pamene sitata yadya, osati kudzaza batire losadzala, makamaka pa misewu yathu ya zitunda ndi mabampu, pamene injini imayenda mwakachetechete, katundu ali pambuyo, nyale ili chiyakire. Gawo lachinayi lija limene silidadzazidwe pa tsiku loyamba ndilo limayamba kuuma mchere, ndipo batire lotere silidzafikanso pa mphamvu yake yonse kufikira tsiku lotayidwa.

Lamulo la katchajidwe nlapafupi kulisunga pamtima: mphamvu ya tchaja, imene amailemba ndi chilembo A, ikhale gawo limodzi mwa magawo khumi a Ah a batire.

Batire la 5Ah: tchaja ya 0.5A.
Batire la 7Ah: tchaja ya 0.7A.
Batire la 9Ah: tchaja ya 0.9A.

Pa muyeso umenewu batire latsopano limadzala m'maola 5 kufikira 10. Mlimi aliyense adziwa kuti mvula ya mvumbi, imene imagwa pang'onopang'ono tsiku lonse, ndiyo imalowa pansi nifika ku mizu, pamene yamkuntho imangothamanga pamwamba nikokolola nthaka. Momwemonso magetsi ochepa a nthawi yaitali amalowerera m'mapuleti, koma ambiri a kanthawi kochepa amatenthetsa batire, napinda mapuleti, nayoyola mtovu wake.

Chifukwa chake, mukapita nalo pa malo otchajira mafoni ndi mabatire pa msika, musangolisiya ndi kuchoka. Funsani kuti, “Achimwene, tchaja yanuyi ikupereka ma A angati?” Tchaja zambiri za pamalo otere ndi za mabatire a galimoto, ndipo ina imapereka 10A, ndiko kuti kuposa kakhumi mphamvu imene batire la 7Ah lifuna. Ngati tchajayo ili ndi posinthira, aitsitse kufikira pansi penipeni. Ngati ilibe, funani kwina. Wina akakuuzani kuti alidzaza m'mphindi 30 kuti musachedwe ulendo, muthokozeni mwaulemu, koma mukane.

Potchaja sungani izi:

1. Lumikizani chopanira chofiira ku mutu wa +, chakuda ku mutu wa −, ndipo pambuyo pake ndiye muyatse tchaja. Pomaliza, yambani mwazimitsa tchaja musanachotse zopanira.
2. Nthawi ndi nthawi ligwireni batire m'mbali. Kufunda pang'ono nkwabwino. Koma likatentha, zimitsani, lizizire, ndipo muyambirenso ndi mphamvu yocheperapo.
3. Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen, umene suoneka ndi maso koma umaphulika ukakumana ndi kamoto kakang'ono. Musalitchajire m'chipinda chogona, pafupi ndi mbaula kapena koloboyi, ngakhale m'chigafa mmene mwapachika fodya.
4. Mukazimitsa tchaja, dikirani ola limodzi kapena awiri musanayeze, chifukwa batire longochoka pa tchaja limaonetsa nambala yonama. Batire la zotsekera lionetse 12.6 kapena kuposa. Lomata lionetse 12.8 kapena kuposa. Likapanda kufika, libwerere pa tchaja.
5. Batire la zotsekera likatsika madzi potchaja, wonjezerani madzi a batire olembedwa água destilada, mumange zotsekera, ndi kulipukuta.

Batire lodzazidwa kale ku fakitale nalonso liyezedwe, ndipo likakhala pansi pa 12.6 litchajidwe mwa lamulo lomweli lisanakwere panjinga.

Ngakhale magetsi a Cahora Bassa amachokera ku Songo, m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete, ilipo midzi yambiri kumene mawaya a kampani ya magetsi ya EDM sanafike, ndipo kumeneko chodalira ndi sola. Sola ingathe kudzaza batire bwino lomwe, koma dziwani kuti sola yolembedwa 12V imatulutsa mavolti 18 kufikira 22 dzuwa likaswa mtengo, ndipo ikalumikizidwa molunjika kwa nthawi yaitali imawiritsa batire niumitsa madzi ake. Pakati pa sola ndi batire pakhale kontirola, kachipangizo koletsa magetsi kupyola muyeso. Ndiponso sola ikhale yaing'ono: ya 10W imapereka pafupifupi 0.5A, muyeso woyenera batire la njinga, pamene ya 100W, imene ambiri amayatsira nyumba ndi wailesi ya kanema, imapereka 5A kapena kuposa. M'miyezi ya mitambo ndi nkhungu kutchaja ndi sola kungatenge masiku awiri. Musatope, kuona maso a nkhono nkudekha.

Ngati mwagula batire pamalo pamene palibiretu tchaja, ndipo simungachitire mwina koma kubwerera ndi njinga yomweyo, dikiranibe ola lija lakuti mapuleti amwe, lizani injini ndi kiki osati sitata, yendani masana, ndipo musalole sabata kutha musanalitengere kotchaja.

6. Kumanga Batire Panjinga

Zimitsani njinga ndi kuchotsa kiyi. Pochotsa batire lakale yambani kumasula waya wa ku −, kenaka wa ku +. Pomanga latsopano tembenuzani ndondomekoyo: yambani ndi wa ku +, mutsirize ndi wa ku −. Chifukwa chake ndi ichi: chitsulo chonse cha njinga chidalumikizidwa ku mutu wa −, kotero kuti mukamamanga wa + pamene wa − uli kale pamalo, sipanala ikangokhudza felemu moto umathetheka, ndipo ungakuotcheni dzanja kapena kuyatsa mpweya wa batire.

Mangani mabawuti molimba koma mosapotola mitu, ndipo pakani girizi kapena Vaseline pang'ono pamwamba pake kuti pasachite dzimbiri. Lamba wogwira batire akhale wolimba; akaduka, dulani mphira wa chubu chakale mumangire, pakuti batire logwedera pa msewu wa miyala limathyoka mapuleti m'kati ngakhale kunja likuoneka lamoyo. Kapaipi kopumira ka batire la zotsekera kalowetsedwe pamalo pake, kaloze pansi, kosapindika, ndiponso kutali ndi tcheni, chifukwa madontho ake amadya chitsulo. Fyuzi ikapsa, gulani ina ya nambala yomweyo; amene amangapo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu wachotsa mlonda amene akadapulumutsa mawaya onse a njinga yake.

7. Kasamalidwe ka Masiku Onse

Kamodzi pa mwezi yang'anani madzi a batire la zotsekera, ndipo akayandikira mzere wapansi wonjezerani madzi a batire okha, amene pa botolo lake amalemba água destilada. Madzi a pachitsime, a pamjigo ndi a mumtsinje ali ndi mchere wa m'nthaka umene umaononga mapuleti, ndipo kuwawiritsa sikuchotsa mcherewo. Asidi musawonjezere, pakuti chimene chimauluka ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Mukathira wina, ukali wake umapyola muyeso nudya mtovu.

Kuno ku mapiri chisanu cha June ndi July sichifuna kufotokozera munthu. M'nyengo imeneyi batire limapereka mphamvu yochepa, pamene oyilo wa m'injini walimba ndipo injini ikulemera kutembenuka. M'mamawa lizani ndi kiki, sitata muisungire injini ikafunda. Podina sitata musapitirire masekondi 5, ndipo injini ikakana, pumani masekondi 10 musanayesenso. Ikakana katatu kapena kanayi, vuto lili kwina, mwina pulagi kapena mafuta, ndipo kulimbikira kudina kungomaliza batire.

Kutchaja mafoni panjinga injini itazima, kuliza wailesi, kapena kuchotsa batire usiku kuti liunikire m'nyumba, zonsezi zimalifupikitsa moyo, pakuti batire la njinga adalipangira kupereka mphamvu yambiri kwa kamphindi, osati kukhetsedwa kufikira pansi usiku ndi usiku.

M'dzinja, pamene mitsinje yadzala ndipo njinga yaimikidwa masabata angapo, masulani waya wa ku −, ndipo mulitchaje batire kamodzi pa mwezi, chifukwa limataya mphamvu pang'onopang'ono ngakhale palibe chimene chikulidya. Batire limene latha lisagone sabata lisanatchajidwe.

8. Ngozi, ndi Batire Lakale

Asidi akagwera pakhungu, vulani chovala chimene chanyowa ndi kutsuka pamalopo ndi madzi ambiri. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 15, diso lili chitsegulire, ndipo pitani ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale ululu utachepa. Mwana akamwa, musamusanzitse, pakuti asidi pobwerera amaotchanso kummero. Mutsukeni m'kamwa ndi kuthamangira naye ku chipatala. Asidi akatayika pansi, thiranipo soda wophikira therere kapena phulusa. Botolo lotsala litsukeni, muliboole ndi kulikwirira, kuti wina asadzasungiremo madzi akumwa kapena mafuta ophikira.

Batire lakale si choseweretsa ana, ndipo si chinthu choswa ndi nkhwangwa kapena kusungunula pamoto. Mtovu ndi poizoni amene amalowa m'thupi mwakachetechete kudzera m'fumbi ndi m'utsi, naononga ubongo wa mwana, kotero kuti amakula wosagwira bwino za kusukulu, makolo osadziwa chimene chidamulowa. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe muyeso wa mtovu m'magazi umene tingautche wosaopsa. Abale athu a ku Kabwe m'dziko la Zambia akudziwa bwino zimenezi, pakuti ngakhale mgodi wa mtovu wa kumeneko udatsekedwa m'chaka cha 1994, ana ambiri a m'makomboni oyandikana nawo akupezekabe ndi mtovu m'magazi kufikira lero. Chotero batire lakale lisungidwe lathunthu, choimirira, pamalo pamene ana ndi nkhuku safika. Asidi wake asakhuthulidwe m'dimba kapena pafupi ndi chitsime. Ndipo mukapeza mpata, lisiyeni kwa wogulitsa mabatire kapena kwa ogula zitsulo zakale.

Mawu Otsiriza

Abambo ndi amayi, tsiku logula batire lisakhale tsiku la ulendo wofulumira. Gulani m'mawa, thirani asidi, dikirani ola lake, litchajeni pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo mulimange panjinga litadzala. Tsiku limodzi limene njinga yaima osagwira ntchito nlotsika mtengo poyerekeza ndi batire lachiwiri m'chaka chimodzi.

Ndipo popeza mita yoyezera magetsi ndi tchaja yaing'ono ya njinga sizifunika tsiku ndi tsiku m'nyumba imodzi, tikupempha magulu a kabaza, makalabu a alimi ndi eni njinga a m'mudzi umodzi kuti asonkherane, agule mita imodzi ndi tchaja imodzi, nazisungitse kwa munthu wokhulupirika amene ali ndi magetsi kapena sola. Mukatha kuwerenga kabuku kano, kapatseni mnzanu amene ali ndi njinga, ndipo amene sadziwa kuwerenga mumuwerengere.